Palibe khoti lavomereza ukwati wa amuna okhaokha, tsitsani miyala

Uthenga wamawu womwe ukuzungulira pa WhatsApp, kuchokera pa msika wa Dwangwa mpaka kumadoko a ku Ngala, ukuti boma lavomereza mwakabisira maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha, ndipo ati abusa, ansembe ndi mashehe okana kuwadalitsa ayamba kumangidwa posachedwapa. Wolankhulayo satchula dzina lake kapena lamulo lomwe akunena, amangoti tumizirani onse. Limeneli ndi bodza, ndipo chotidandaulitsa n'chakuti anthu akuluakulu, ena a maudindo m'mipingo, akulitumiza osayamba afunsa n'komwe.

Lamulo la maukwati la mu 2015 limanena mosapsatira kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo limawonjezera kuti umuna kapena ukazi wa munthu ndi umene anabadwa nawo. Lamuloli silinasinthidwe. Mlandu womwe ambiri anaumva mothamanga ndi uja wa Jan Willem Akster wa ku Netherlands ndi Jana Gonani, yemwe anaweruzidwa ku Mangochi. Awiriwa sanapemphe mtchatho wa ukwati. Anapempha bwalo lounikira za malamulo oyendetsera dziko kuti lithetse magawo 153, 154 ndi 156 a malamulo a zilango, omwe amaletsa mchitidwe wogonana amuna okhaokha. Pa 28 June 2024 majaji atatu anakana pempholo, n'kunena kuti wofuna kusintha malamulowo apite ku Nyumba ya Malamulo. Choncho amene anayenda ndi zikwangwani zotsutsa maukwati otere m'misewu ya Blantyre pa 13 July 2023, pamodzi ndi Arkiepiskopi Thomas Msusa ndi atsogoleri a mipingo ina ndi a Chisilamu, anapeza chomwe ankafuna. N'zodabwitsa kuti mbali imene inapambana ndiyo ikuuzidwa lero kuti inagonja usiku anthu ali m'tulo. Lamulo silisinthidwira kuchipinda. Pamafunika bilu, aphungu amatsutsana masanasana, mawailesi amaulutsa, ndipo phungu wanu yemwe mumamudziwa nkhope amaponya voti.

Ena akuti utsi sufuka popanda moto, ndipo akuloza ku South Africa, komwe khoti linathetsa chiletso cha mchitidwewu mu 1998, ukwati n'kuvomerezedwa mu 2006. Nkhawa imeneyi si yopusa ndipo ikuyenera yankho. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a mu 1996 amatchula poyera kuti munthu asasalidwe chifukwa chokonda mwamuna kapena mkazi mnzake, ndipo majaji akumeneko anaimirira pa mawu amenewo. Gawo 20 la malamulo athu oyendetsera dziko lilibe mawu otero. Anansi athu a ku Mozambique, tsidya lina la nyanja yomweyi, anachotsa chiletsocho mu 2015, koma ukwati wotere sunavomerezedwe kumeneko. Msewu wa ku Johannesburg si ndiwo wokha ulipo. Zoti Papa analamula kuti maukwati otere avomerezedwe nazo n'zachabe: chikalata cha ku Vatican cha pa 18 December 2023 chinakamba za mdalitso, osati ukwati, ndipo maepiskopi a Katolika kuno anauletsa mdalitsowo m'dziko muno nthawi yomweyo.

Choopsa chenicheni chili kwina. Munthu akauzidwa kuti boma ndi makhoti zamugulitsa, amayamba kuganiza kuti wotsala kuteteza mudzi ndi iye ndi chibonga chake. Tsono taonani mmene Dwangwa alili. Nyengo yodula nzimbe ikafika, anyamata ochokera m'maboma osiyanasiyana amachita lendi kachipinda kamodzi, mphasa imodzi, mbaula imodzi, chifukwa malipiro sakwanira kuti aliyense akhale payekha. Kunyanja alovi amagona mulu mu msasa podikira kukaponya chilimira usiku. Mnyamata wina amachedwa kukwatira chifukwa alibe poyambira. Onsewa, mphekesera ikakolera, amasanduka oganiziridwa. Pamangofunika landilodi wofuna kutulutsa munthu, kapena mnzake wa kabaza amene akulimbirana naye makasitomala, kuti afuule liwu lija loti mathanyula, khamu n'kusonkhana. Khamu silifunsa umboni. Tinaziona mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, pomwe mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa, alendo n'kumaimitsidwa m'misewu, ntchito zothandiza anthu n'kuima. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anapezeka, koma manda aja alipo.

Nyuzipepala ino sikuuza munthu kuti asiye chomwe chipembedzo chake chimaphunzitsa pa nkhani ya banja. Amene akufuna kuti malamulo akhale mmene alili ali ndi ufulu wolalikira, woyenda pamsewu mwamtendere ndi wokakamiza aphungu awo, ndipo njira zimenezi zawagwirira ntchito kale. Koma lamulo lomwe akulitetezalo silipatsa munthu wamba mphamvu yoweruza mnzake. Ngakhale Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, omwe chinkhoswe chawo cha mu December 2009 ku Blantyre chinagwedeza dziko, anaonekera pamaso pa majisitireti, anagamulidwa zaka 14, ndipo anatuluka pulezidenti Bingu wa Mutharika atawakhululukira mu May 2010. Wogenda mwala, wotentha nyumba kapena wothamangitsa munthu pamudzi akuphwanya malamulo a zilango omwewo, ndipo kupolisi ya Nkhunga sakamulandira ngati ngwazi.

Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Uthengawu ukakufikaninso, mufunseni wokutumiziraniyo kuti ndi lamulo liti lasinthidwa, tsiku liti, ndipo aphungu anavota bwanji. Akalephera kuyankha, uthere pa foni yanu. Mwana wanu yemwe akugona chipinda chimodzi ndi anzake ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, pofuna kupulumutsa ya lendi, nayenso ndi mlendo kumeneko.