Chikwangwani chakale cha puloti: tichizule kapena tichipakenso penti?

Pokhotera kulowa kwathu pali mkuyu waukulu, ndipo pa mkuyupo padakhomedwa chikwangwani cha lata zaka zingapo zapitazo. Chidalembedwa ndi penti yofiira: puloti ikugulitsidwa, madzi ali pafupi, magetsi akubwera. M'munsi mwake muli mtengo wa pulotiyo ndi nambala ya foni. Puloti yomwe chikunenayo idagulidwa kalekale. Lero pali nyumba ya malata a buluu, mpanda udazungulira, ndipo mwana amene adabadwira m'nyumbamo wayamba kale sukulu ya mkaka. Chikwangwanicho ndiye chikadali pomwepo, misomali yake idamira m'khungwa.

Mwezi wathawu ndidapeza mayi wina atangotsika pa kabaza, mwana ali kumbuyo, akulemba nambala ija m'foni mwake. Nditamuuza kuti malowo ali ndi eni ake, adangoti kakasi. Mlongo wake amene amagwira ntchito ku Joni ndiye adamutuma, ataona chithunzi cha chikwangwani chomwechi chikuzungulira pa mafoni ngati malonda a dzulodzuloli. Mayiyo adakwera minibasi ziwiri kuti afike, ndipo ndalama yobwererera idali yongokwanira. Adandifunsa kuti akawauza chiyani achimwene akewo, poti adayamba kale kusunga ndalama poyang'ana mtengo wa pachikwangwanipo. Ndidasowa chomuyankha.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikumvetsera momwe anthu ogulitsa malo ndi nyumba, a m'maofesi ndi madobadoba omwe, amakambira za malonda awo akale, komanso za malangizo amene amapereka kwa ogula. Maganizo ngogawikana. Ena amati chakale chilichonse chizikonzedwanso kuti chigwirizane ndi lero. Ena amati chakale chisiyeni chikhale, inu lembani chatsopano.

Oyambawo ali ndi mfundo zolimba, ndipo yoyamba ndi kwacha. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya ndalama yathu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze puloti ya K10 miliyoni. Madzulo idali pafupifupi madola 8,500. Kutacha idali madola osakwana 6,000. Mwini malo amene amagulitsa kuti agule simenti ndi malata, zinthu zomwe mitengo yake imatsata dola, sakadalolanso mtengo wakale. Zikwangwani zina m'misewumu zidalembedwa ndalama yaikulu ya pepala ikadali K2,000, ya K5,000 isanatuluke mu 2022. Wozikhulupirira amapanga mapulani a chaka chonse pa nambala yakufa.

Malamulo nawonso sadaime malo amodzi. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo atsopano a za malo, kuphatikizapo lokhudza malo a mafumu lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018, ndipo mu 2022 malamulowo adaunikidwanso. Lamulo la malo a mafumu lidabweretsa makomiti a za malo m'midzi: agulupu amakhala pampando, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anzawo, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Nanga langizo lija tidakula nalo, loti ukagula malo pita kwa amfumu ndi kangachepe, akulembere kalata, adinde chidindo, basi watha? Likadabwerezedwabe m'mabanja ambiri ngati palibe chidasintha. Chimodzimodzi za njerwa: mu 2018 bungwe loyang'anira za zomangamanga la NCIC lidaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za malonda, koma pali ena akadawerengerabe mtengo wa nyumba ya shopu poyambira pa uvuni.

Koma chimene chimandisuntha mtima kwambiri si ndalama kapena malamulo ayi. Ndi nthaka yeniyeniyo. Chaka cha 2023 chisanafike, wogulitsa malo m'mbali mwa phiri la Soche ku Blantyre akadatha kulemba kuti pamalopo mphepo ndi yabwino, tauni yonse imaoneka, mtengo ngwotsika, ndipo sakadanama ngakhale mawu amodzi. Mu Malichi chaka chimenecho namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phirimo, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nako. Mawu omwe aja, osasintha chilembo chimodzi, lero akhoza kuika banja pa njira ya madzi. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Amene akugulitsa malo otere popanda kuwonjezerapo chomwe chidachitika sangabisale kumbuyo kwa mawu oti zomwe ndidalemba zidali zoona pa nthawi yake. Ogula ambiri a masiku ano ali kutali, ku Johannesburg, ku Cape Town, ku London, ndipo amadziwa malowo kudzera pa chithunzi chokha. Sangaone ngalande yomwe madzi adakumba kuseri kwa chithunzicho.

Ndiye tingoti zonse zizikonzedwanso? Apa ndi pamene ndimayamba kuwamvetsa a mbali inayo, chifukwa kukonzanso kuli mitundu iwiri, ndipo mtundu umene wachuluka ndi wachinyengo.

Aliyense amene adasakapo nyumba ya lendi mu Lilongwe kapena Blantyre akuudziwa. Dobadoba amakutumizira chithunzi cha nyumba yowala, penti yatsopano, kapinga wobiriwira, n'kunena kuti yangotuluka kumene. Umalipira ndalama yoonera, mumakwera limodzi, nayonso transipoti yake ili kwa iwe. Kufika pamalopo mupeza makoma adadetsedwa ndi mvula za zaka zitatu, mpopi ngwouma, kapena m'nyumbamo muli anthu amene alibe n'komwe ganizo losamuka. Chithunzicho chidali chakale. Chatsopano chidali tsiku lokha ndi mtengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikwangwani cha pa mkuyu wa kwathu chija chili ndi ubwino umodzi: dzimbiri lake limaoneka, ndipo munthu wodekha akhoza kukayikira yekha. Malonda akale ovekedwa zovala zatsopano alibe dzimbiri loti likuchenjeze.

Palinso china chimene sitichiganizira kawirikawiri. Munthu wamba alibe buku loti atsegule n'kuona kuti puloti ku Area 25 kapena ku Machinjiri idali ndalama zingati zaka zisanu zapitazo. Makampani akuluakulu ndi mabanki ali ndi akatswiri owerengera mtengo wa katundu, ndipo amawalipira. Ife ena tonse mbiri yathu ya mitengo ili m'malonda akale omwewo: tsamba la nyuzipepala lomwe lidasungidwa m'sutikesi, uthenga womwe sudafufutidwe m'foni, lata lomwe lidaiwalika pa mtengo. Mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake akumuumiriza kugulitsa nyumba mwachangu amafuna kudziwa kuti ya oyandikana nawo idapita pa ndalama zingati, ndipo liti. Wochita lendi amene landilodi wamukwezera kawiri chaka chimodzi amafuna poyambira pokambirana. Mukafufuta nambala yakale n'kulembapo yatsopano ngati kuti yakaleyo sidakhalepo, mwawalanda umboni umenewo. Wotsala ndi chidziwitso ndi wogulitsa yekha.

A mbali imeneyi amanenanso za nthawi ndi ndalama, ndipo sindikuwatsutsa. Mnyamata amene amadya za komishoni alibe galimoto yoti azizungulira nayo malo onse amene adalengezapo. Amatinso si zonse zimakalamba, ndipo ndi zoona. Kukafufuza ku Unduna wa za Malo kapena ku khonsolo ya mzinda kuti malowo ndi a yani usanapereke tambala, kuyenda m'malire ndi kugwira mabikoni ndi dzanja lako, kufunsa oyandikana nawo mwini malo atachokapo: zimenezi zidali zothandiza kale ndipo zikadali zothandiza. Makoma ambiri m'mizinda yathu adalembedwa kuti malo ano sakugulitsidwa, umboni woti anthu akugulitsidwabe malo a eni ake chifukwa chodumpha masitepe akale omwewa.

Ine ndaima apa. Kukonzanso n'kofunika, koma kukonzanso kwenikweni kumayamba ndi mapazi, osati ndi penti. Amene akufuna kubweza malonda akale pamaso pa anthu apite kaye pamalopo. Aone ngati magetsi amene ankabwera aja adafika, ngati msewu udakali podutsa pomwepo kapena udakulitsidwa n'kudya mbali ina ya puloti, ngati mwini wake akadali yemweyo. Ajambule chithunzi cha tsiku limenelo, ndi matope ake ngati kuli mvula. Akatero alembe mtengo watsopano pambali pa wakale, uliwonse ndi mwezi ndi chaka chake, kuti wogula aone yekha momwe zinthu zayendera. Ngati sangakwanitse kupitako, asakhudze tsiku. Alisiye lakale lomwelo lioneke, munthu adziwe kuti akuwerenga nkhani ya chaka chakutichakuti. Ndipo malo akagulidwa, mawu amodzi okha oti "zagulidwa" sadya penti yambiri.

Ndikudziwa kuti ena adzati kuonetsa mtengo wakale kumathamangitsa ogula, poti munthu akaona kuti puloti yakwera kawiri amayamba kunenerera mwamphamvu. N'kutheka. Koma wogula yemweyo amagulanso chimanga, mafuta ndi sopo. Akudziwa kale kuti kwacha ya lero si ya 2021. Chimene chimamuthamangitsa osabweranso ndi kuzindikira kuti adanamizidwa, ndipo nkhani yotere imafika ku Joni tsiku lomwelo. Ntchito ya malo imayenda pa kutumizirana makasitomala pakati pa abale ndi anthu a mpingo umodzi. Dobadoba amene chithunzi chake chimafanana ndi nyumba yake safunika kukuwa kwambiri.

Loweruka lapitalo ndidagogoda pa geti la nyumba ya malata a buluu ija, n'kuwafotokozera bambo a pakhomopo za mayi wa pa kabaza uja. Iwo adati amaganiza kuti chikwangwanicho n'cha amene adawagulitsa malo, choncho sadafune kuchikhudza. Tidayesa kuchizula koma khungwa lidachigwira zolimba, ndipo sitidafune kuvulaza mkuyuwo. Adalowa m'nyumba n'kutulukira ndi kachitini ka penti yotsala ya pa geti, ndipo mwana wawo wamkulu adakwera pa mpando n'kulemba pamwamba pa mtengo wakale uja, osaufufuta, kuti malowo adagulidwa, ndi chaka chake. Nambala ya foni yokha ndiyo adaipaka yonse.