Kazitape Sasanduka Ngwazi Chifukwa Wavala Diresi

Ogulitsa mabuku apeza msika watsopano ndipo akufuna tiwombe m'manja. Akuti nkhani za ukazitape, zomwe kale linali bwalo la amuna onga James Bond, tsopano zatsekulira amayi khomo. Akutionetsa Dominika Egorova wa m'buku la Red Sparrow, lomwe Jason Matthews adatulutsa mu 2013. Akutionetsa Liz Carlyle, yemwe adamuumba ndi Stella Rimington, mayi amene adatsogolerapo bungwe la MI5 ku Britain. Akuti tisangalale poti mkazi naye wagwira mfuti ndi pasipoti yabodza. Ine ndikukana. Kumveka mkazi jekete la Bond si kumumasula, ndipo ife a kumwera kwa Africa tili ndi zifukwa zokanira zoposa za wina aliyense.

Tiyambe ndi dzina la ntchitoyo. M'Chingerezi limamveka ngati udindo wa muofesi, wokhala ndi malipiro ndi penshoni. Lathu ndi kazitape, ndipo ukalitchula pang'onopang'ono umamva lamulo: pita, kazitape nkhani za anzako, ubwere nazo kuno. Muli wotuma, muli wotumidwa, muli wotapidwa. Agogo athu a nthawi ya Chitaganya anali ndi lina, kapirikoni, lochokera ku dzina la Capricorn Africa Society, ndipo linali chitonzo. Anzathu a Chizulu kuno ku Durban amati impimpi. Womasulira mabuku aliyense amene wayesapo kusintha nkhani yotereyi kuti ikhale m'zinenero zathu amagunda khoma lomweli: mawu oyamikira kazitape palibe. Kumeneko si kusauka kwa chinenero. Ndi chikumbumtima cha anthu amene adatapidwapo.

Onaninso zomwe mabukuwo amachita naye mkaziyo. Egorova amatumizidwa kusukulu yophunzitsa kukopa amuna ndi thupi. Ndiye kuti iye ndi nyambo, koma mbedza ndi ya boma, ndipo wogwira chingwe ndi bambo wina wokhala pampando wofewa. Kodi nyambo idayamba yamasukapo? Mwa onse amene ndawerenga, Lauren Wilkinson ndiye adayandikira choonadi m'buku lake la American Spy la 2019, momwe mkazi wakuda wa ku FBI amatumidwa kukachera msampha Thomas Sankara wa ku Burkina Faso, n'kuyamba kudzifunsa kuti akutumikira yani.

Akazitape aakazi ife tidakhala nawo, a mnofu ndi magazi. Olivia Forsyth, wodziwika ndi nambala 407, adalowa m'magulu a ophunzira otsutsa tsankho pa Rhodes University m'zaka za m'ma 1980, uku akutapira nkhani apolisi achitetezo. Vanessa Brereton anali loya ku Port Elizabeth, ankaimira omenyera ufulu m'makhoti, ndipo mu 2003 adavomera kuti iye ndiye anali kazitape RS452. Anali ochenjera, odziwa kubisa nkhope, monga momwe mabuku amafunira. Tiwaimbire nthungululu poti ndi akazi? Anthu amene ankaulula zakukhosi kwa loya wawo adaphunzira mowawa kuti bwenzi lako ndi la wina.

Ndipo ukazitape suvulaza otapidwa okha. Umathira chiphe m'chitsime cha mudzi wonse, moti aliyense amayamba kukayikira mnzake. Mu July 1985, ku Duduza, gulu la anthu lidatentha Maki Skosana pamaliro pomuganizira kuti ndi impimpi. Patapita zaka, bungwe lofufuza choonadi la TRC lidamva umboni womuyeretsa. Mabuku a pabwalo la ndege safika kumeneko. Tsamba lomaliza likakwana, mkazi wawo amakwera ndege, moto n'kutsalira ena.

Mukafuna ngwazi yeniyeni ya nkhani zachinsinsi, bwerani kuno ku Westville. Pasukulu yomwe kale inkatchedwa University of Durban-Westville, yomwe mu 2004 idalowa mu University of KwaZulu-Natal, padaphunzirapo mtsikana wa ku Umlazi dzina lake Phila Ndwandwe. Adalowa gulu lankhondo la uMkhonto weSizwe, n'kukhala mtsogoleri wa ntchito zake za ku Natal ali ku Swaziland. Mu October 1988 apolisi achitetezo adamuba ku Manzini, ali ndi mwana woyamwa. Cholinga chawo chinali chimodzi: asanduke kazitape wawo. Adamuvula zovala, adamusunga papulazi la Elandskop pafupi ndi Pietermaritzburg, koma sadaulule kanthu, ndipo adamuwombera. Kwa zaka zambiri kunali manong'onong'o oti adagulitsa anzake. Mafupa ake atafukulidwa mu 1997, adapeza kuti adadziphimba m'chiuno ndi jumbo yapulasitiki. Chithunzi cha diresi labuluu chomwe Judith Mason adapanga pomukumbukira chili ku Constitutional Court ku Johannesburg. Nkhani yoposa zonse za ukazitape mumzinda uno ndi ya mkazi amene adaukana.

Nako kwathu ku Malawi sitikusowa pogwira. Kamuzu Banda ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse, ndipo akulu amene adakhalako m'masiku amenewo amakumbukira kuti bambo ankaopa kung'ung'udza za boma ngakhale kuchipinda, poopa kuti mawu afika kuchipani. Panali Special Branch, panali a Payoniya, panali makutu m'basi ndi m'mabala. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko lathu, adagwidwa pamodzi ndi amuna awo Orton Chirwa mu December 1981 atapita kudera la Chipata. Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, Vera adatuluka mu 1993. Wina adawatchera msampha, wina adatapa za ulendo wawo. Buku la Chichewa lofotokoza usiku ngati umenewo lili kuti?

Ndikudziwa chomwe ena anene: izi ndi nkhani zongopititsa nthawi, usatilemetse mutu. Ena adzati ntchito yachinsinsi si yoipa yonse, ndipo pamenepo akunena zoona. Operation Vula, yomwe ANC idayendetsa mobisa kuyambira 1988 mpaka 1990, likulu lake lina lili konkuno ku Durban, inali ndi amayi monga Janet Love, komanso mayi wa ku Netherlands wogwira ntchito m'ndege yemwe ankanyamula madisiki a kompyuta mobisa. Komatu izi zikungolimbikitsa mfundo yanga. Chosiyanitsa Love ndi Forsyth si diresi, poti onse ndi akazi. Chosiyanitsa ndi wowatuma ndi wotapidwa. Buku lomwe limazemba funso limeneli, n'kumangotionetsa mkazi wokongola akulumpha mipanda, limaphunzitsa mwana wathu kuti boma lomvetsera pazenera ndi losangalatsa malinga womvetserayo akhale ndi nsapato zazitali.

Sindikuti olemba athu asiye nkhani zothamangitsa mtima. David Maillu wa ku Kenya adatipatsa Benni Kamba 009, ndipo Aubrey Kalitera adaonetsa kuti Mmalawi amagula buku lomuletsa tulo. Lembani, ndipo mkazi akhale pakati. Koma akhale mlembi wa muofesi ku Zomba amene waona dzina la mlongo wake pamndandanda. Akhale mayi wa mbumba amene wamva mwamuna wake akutukwana Ngwazi, ndipo mawa kuli msonkhano wa chipani. Akhale namwino wa ku Chipata amene akudziwa galimoto yomwe yawoloka malire usiku. Aulule kapena akhale chete? Pamenepo mtima wa wowerenga udzagunda popanda mfuti kulira.

Dzina loti kazitape musalitsuke kuti ligulike ku London. Lisiyeni ndi litsiro lake. Amene adalidetsa anali ndi manda oti aloze.