Madzi a kumwezi ndi mijigo ya kwa Zulu

Mayi wa kwa Zulu ku Mchinji amene amalawirira tambala woyamba kukandanditsa zigubu pamjigo angadabwe kumva kuti mwezi umene umamuunikira njira uli ndi madzi. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo chatigwira mtima ife ndi mmene akatswiri anaitsimikizira.

Kwa zaka zambiri ankati mwezi ndi wouma gwa. Mu 2009 chipangizo cha bungwe la NASA chimene chinakwezedwa pa Chandrayaan-1, chombo cha dziko la India, chinaona zizindikiro za madzi m'dothi la kumeneko. Akatswiriwo sanafulumire kuimba nthungululu. Pa 9 Okutobala chaka chomwecho anagwetsera dala chidutswa cha roketi m'chidzenje cha Cabeus, kummwera kwenikweni kwa mwezi kumene dzuwa silifika. Chombo cha LCROSS chinkabwera pambuyo, n'kulowa m'fumbi limene linabuka, n'kuliyeza. Munapezeka madzi pafupifupi makilogalamu 155.

Mu 2020 kunalengezedwa kuti ndege ya SOFIA, yonyamula makina oonera zakutali, inapeza madzi m'chidzenje cha Clavius, kumene dzuwa limawomba. Ndi ochepa zedi: dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse silingatulutse ndi theka la lita lomwe. Si madzi otunga ndi ndowa ayi. Ena ndi oundana, ena anakanirira m'timchenga. Komabe anawapeza, pamtunda wa makilomita 384,000, chifukwa anayeza n'kuyezanso.

Madzi athu ali pansi pa mapazi pomwepa. Nanga bwanji mjigo umakumbidwa pamene waloza wopempha mavoti, osati pamene asonyeza makina oyezera? Tonse taiona mijigo yotere. M'dzinja imatulutsa madzi bwinobwino, koma pofika Okutobala mwana amapopa mpaka thukuta kamukamu, mpopi n'kumangotulutsa mpweya. Amayi amabwerera kudambo kukafukula zitsime zomwerana ndi ng'ombe, ndipo matenda otsekula m'mimba sachedwa kulowa m'mudzi. Zimatipweteka, chifukwa ndalama zake zinali zitaperekedwa kale.

Tikupempha khonsolo ya Mchinji ndi mafumu a kwa Zulu kuti asalole galimoto yokumba kuyamba ntchito malo asanayezedwe. Mjigo ukatha, upopedwe kwa maola angapo anthu akuona, ndipo kuya kwake ndi malita amene ukutulutsa ziwerengedwe pamaso pa komiti ya mjigo, wokumbayo asanalandire ndalama yomaliza.