Kanema wabwino amayambira pa nkhani

Anthu ambiri akaona kanema wakale wopanda mawu amangomudumpha. Ine ndimati wofuna kuphunzira kupanga kanema ayambire pa makanema a ku America a m'ma 1920, onena za kupha munthu ndi kufufuza wakuphayo.

Mphamvu yawo inachokera poti nkhani zake zinali zitayesedwa kale pamaso pa anthu. Buku la Mary Roberts Rinehart, The Circular Staircase, linatuluka mu 1908. Mu 1920 iye ndi Avery Hopwood analisandutsa sewero lotchedwa The Bat, lomwe linaonetsedwa maulendo 867 ku Broadway mumzinda wa New York. Pamene Roland West ankalijambula kukhala kanema mu 1926, zinali zodziwika kale kuti oonera amagwira mtima pati, amaseka pati.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi The Cat and the Canary ya mu 1927, yomwe Paul Leni anatenga ku sewero la John Willard la mu 1922. Achibale asonkhana usiku m'chinyumba cha malemu Cyrus West, zaka 20 iye atamwalira, kuti amve wilu. Chuma chonse chapita kwa mtsikana, Annabelle, koma pokhapokha dokotala atatsimikiza kuti mutu wake ndi wabwinobwino. Apa wachibale aliyense ali ndi chifukwa chomusokonezera mutu. Loya asowa mwadzidzidzi, kenako mtembo wake ugwa kuchokera m'khoma. Aliyense amene anaonapo abale akudana chifukwa cha chuma chamasiye sangafunse chomwe chikuchitika m'nyumbamo.

Leni sanasowe magazi ambiri kapena malo ambiri. Anagwiritsa ntchito nyumba imodzi, anthu ochepa, mithunzi, makatani ouluzika ndi mphepo, ndi dzanja la zikhadabo lotuluka m'khoma kudzatenga mkanda pakhosi pa mtsikana ali mtulo. Woonera amakhala wapolisi iye mwini, kumaganizira uyu, kenako uyo.

Lero makanema awiriwa umwini wake unatha ku America, ndipo amapezeka pa intaneti. Achinyamata amene mukudandaula kuti mulibe ndalama zojambulira, aoneni. Kenako funani sewero lomwe linadzaza holo, kapena buku lomwe anthu anabwerekana mpaka kung'ambika, mupemphe chilolezo kwa mwini wake, ndipo muyambire pamenepo.