Mtengo uzidziwika chingwe chisanamangidwe

Chaka china, mkati mwa dzinja, ndinakwera kalole konyamula mchere, sopo ndi mafuta ophikira kupita kumagolosale a pa Malowera, m'boma la Marávia ku Mozambique. Titafika pakhwawa lina tinapeza mseu utakumbika ndi madzi, ndipo dalaivala anaganiza zolambalala podzera m'mphepete mwa munda wa chimanga. Sitinapite patali. Matayala akumbuyo anatitimira mpaka galimoto inakhalira mimba pamatope. Tinakankha, tinathyola nthambi n'kuyala pansi, koma osatheka. Dzuwa litapendeka dalaivala anauyamba wapansi kukafuna thandizo, kusiya makiyi ndi mnyamata wake.

M'mawa mwake mwini munda anabwera ndi anthu ndi magoli atatu a ng'ombe. Anatsitsa katundu, n'kumanga chingwe, mnyamata uja atagwira chiwongolero. Anaikoka mpaka pabwalo la nyumba yawo. Dalaivala pobwerera masana anapeza galimoto ili pouma, ndipo anayamba kuthokoza. Atangomva mtengo, nkhope inasintha.

“Bambo, ndinakutumani ine kuti muikoke?” anafunsa.

“Nanga inu, achimwene, ndinakuitanani ine m'munda mwanga?” anayankha mkulu uja.

Galimoto inagona pamenepo masiku awiri. Mwini munda anachotsa batire n'kuliika m'nyumba. Ife okwera tinamaliza ulendo wapansi.

Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi sinachoke m'mutu mwanga, chifukwa onse awiri anali ndi mfundo ndipo onse awiri analakwitsa. Kuno kulibe galimoto zokokera zinzake monga za m'mizinda ya Tete, Lusaka kapena Johannesburg, kumene munthu amapeza galimoto yake itatengedwa n'kukaiwombola pampanda wotsekedwa. Kwathu wokoka ndi mlimi wa ng'ombe kapena mwini thirakitala. Miseu ya m'boma la Marávia yambiri ndi yafumbi, ndipo ngakhale mseu waukulu wochokera pa Bene kudzera ku Fingoé kulowera ku Zumbo umavuta mvula ikakhazikika. Kutitimira si kwachilendo. Chomwe chikusowa ndi kumvana pa malipiro ntchito isanayambe.

Pamkangano uja panali ngongole zitatu zosiyana, koma mwini munda anazimanga mtolo umodzi n'kutchula mtengo umodzi. Yoyamba inali ya chimanga chopondedwa. Yachiwiri inali ya ntchito ya ng'ombe ndi anthu. Yachitatu, yomwe inkakula tsiku lililonse, inali ya kusunga galimoto pabwalo. Munthu akakutchulirani mtengo wa mtolo wonse, simungadziwe chomwe mukukana ndi chomwe mukuvomera. Choyamba kuchita ndi kumasula mtolowo.

Za chimanga, dalaivala analibe pothawira. Ndinamumva akunena kuti malo onse mu Mozambique ndi a boma, choncho mkuluyo asamalankhule ngati munda ndi wake. Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo amasocheretsa. N'zoona kuti lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Koma lamulo lomwelo limazindikira ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene umadziwika ndi dzina loti DUAT, kwa munthu wolima malo motsata mwambo wa kwawo, ngakhale alibe pepala lililonse. Umboni wa anthu a m'mudzi ndi wokwanira. Mbewu zili m'mundamo ndi thukuta la mlimi. Wopondetsa galimoto pa chimanga cha mwini ayenera kulipira, ndipo kuwerenga kwake n'kosavuta: muyende nonse m'munda, muwerenge mizere yowonongeka, muyerekeze ndi zomwe ikanabereka, mutenge mtengo wa chimanga pamsika.

Za ntchito ya ng'ombe, apa mpamene mwini munda anapsa mtima n'kudumpha malire. Anali ndi chifukwa chofunira kuti galimoto ichoke msanga, pakuti aliyense wobwera kudzakankha ankapondanso mbewu zina. Komabe mwini galimoto sanafunsidwe, ndipo mnyamata wosiyidwa ndi makiyi alibe mphamvu yovomereza ngongole m'malo mwa bwana wake. Ntchito inagwiridwa, ng'ombe zinatopa, anthu anasiya kupalira m'minda mwawo. Malipiro ayenera kukhalapo. Koma muyeso wake ndi umene anthu a m'deralo amalipira akabwereka ng'ombe tsiku limodzi kuti zilime kapena zikoke ngolo, kuwonjezapo pang'ono chifukwa cha kulemera kwa ntchitoyo. Muyeso suyenera kukhala kuchuluka kwa katundu amene waoneka m'galimoto, kapena nambala yake yosonyeza kuti ndi ya kutali.

Ya kusunga galimoto ndiyo inandiwawa kwambiri. Munthu sungatseke chinthu cha mnzako pabwalo lako iye akuchifuna, kenako n'kumulipiritsa masiku amene wachitsekera. N'zoona kuti malamulo a Mozambique, mu ndime 754 ya Código Civil, amalola munthu kugwira kaye chinthu cha wina ngati ngongoleyo yachokera pa ndalama zimene wawonongera chinthucho kapena pa zimene chinthucho chawononga. Izi zikufanana ndi zomwe makolo athu amachita ng'ombe ya mwini ikadya m'munda: amaitsekera m'khola mpaka mwini wake abwere kudzakambirana. Koma wogwira ng'ombe ya mnzake saikama, saiikanso pagoli. Amaisamala ndipo amauza amfumu. Kugwira chikole ndi njira yoti nkhani ikambidwe, osati msika watsopano.

Palinso china cha kuno kumalire. Pa Malowera kwacha ya Zambia imayenda limodzi ndi metical. Ndaonapo anthu akugwirizana kuti “zikwi ziwiri”, ntchito n'kutha, kenako wina akuti ndimanena kwacha, mnzake akuti ndinamva metical. Potchula mtengo, tchulaninso ndalama yake, pamaso pa mboni ziwiri. Ngati pali wodziwa kulemba, alembe ngakhale pachikutiro cha kope kapena pa foni.

Nanga zikavuta, mupite kuti? Osati kukatenga anyamata kuti mudzalande galimoto usiku, ndipo osati kuboola matayala. Yambani kwa amfumu kapena kwa mlembi wa m'deralo, amene boma linawazindikira ngati atsogoleri a anthu kudzera mu Decreto 15/2000. Alipo makhoti a m'midzi, otchedwa tribunais comunitários, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992 kuti aziyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono yonga iyi. Wosakhutira ali ndi ufulu wopita kukhoti la boma. Dalaivala wanzeru amalipira pomwepo gawo limene sakulikana, pamaso pa amfumu, n'kupempha kuti galimoto imasulidwe pamene gawo lotsalalo likukambidwa. Akatero waonetsa kuti sakuthawa, ndipo chifukwa chogwirira galimoto chachepa.

Mlandu wa kalole kaja unathera kwa amfumu. Anatuma anthu kukawerenga mizere, anafunsa mtengo wobwerekera ng'ombe, ndipo za kusunga anazikaniratu. Dalaivala analipira zochepa kuposa zimene anamutchulira poyamba, koma zochuluka kuposa zimene iye ankafuna. Zonsezi zikanatheka m'mawa woyamba uja, ng'ombe zisanalowe m'goli, katundu wa anthu asanachedwe masiku awiri.

Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mlimi amene lero wagwira lole ndi yemweyo mawa adzaima pamseu ndi mabelo a fodya kapena ndi mayi wodwala, kudikira galimoto yoti imufikitse kumsika kapena kuchipatala. Madalaivala amauzana za midzi imene imakama alendo, ndipo amaizemba. Nawonso alimi amakumbukira dalaivala amene anapondetsa mbewu n'kuthawa osapepesa.

Inu a ng'ombe ndi mathirakitala, dikirani mwini galimoto kapena itanani amfumu musanakoke, ndipo tchulani mtengo wa ntchito, osati wa tsoka la mnzanu. Inu madalaivala, munda wa munthu si mseu. Mukalowamo, vomerezani ndi kulipira zimene mwawononga. Nonse awiri, mvanani mtengo chingwe chisanamangidwe.