Chisanu sichifunsa mwini jekete woyamba

Atswana mwezi wa Juni amautcha Seetebosigo, kutanthauza kuti "usayende usiku". Amati mlendo wofika usiku m'mwezi umenewu amasautsa eni nyumba, poti zofunda zimakhala zoperewera ngakhale kwa iwo eni. Ku Metsimotlhabe, mudzi umene uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda wa Gaborone pamsewu wopita ku Molepolole, dzina limeneli limamveka mpaka m'mafupa. Anthu ambiri a m'mudzimu amagwira ntchito m'tauni, choncho amalawirira kusanache kukadikira minibasi m'mbali mwa msewu. Nthawi imeneyo kuzizira kumafika madigiri 5 kapena kutsikirapo, ndipo masiku ena udzu umayera mbuu ndi chisanu. Pofika masana dzuwa limaomba ndithu, munthu nkuvula zimene anadziphimba nazo m'mawa, nkumayenda atazikoleka pamkono.

Mlimi wa ku Dedza kapena ku Tsangano amene amalawirira kudimba kukathirira mbatata ndi kabichi sangadabwe nazo zimenezi. Sangadabwenso wothyola tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene chiperoni chimatha masiku angapo chikuwaza osaona dzuwa. Onsewa funso lawo ndi limodzi: kodi munthu wopeza mochepa angaipeze kuti jekete yoti imufunditse iye ndi ana ake, komanso yoti akavala asachite nayo manyazi pamaso pa anthu? Jekete yatsopano ya m'sitolo, ikakhala yabwino, mtengo wake umaboola m'thumba. Ikakhala yotchipa, kawirikawiri siiona chisanu chachiwiri. Ambiri yankho amalipeza pamulu wa zovala woyalidwa pansi.

Mulu umenewu uli ndi maina ambiri. A Malawi amati kaunjika, chifukwa zovalazo amaziunjika. Ku Zambia amati salaula, mawu a Chibemba onena za kusankha pamulu. Ku Zimbabwe ndi mabhero, pamene ku Kenya ndi ku Tanzania ndi mitumba. Ku Mozambique amati calamidade, dzina lotsalira kuchokera nthawi ya nkhondo ndi chilala, pamene zovala zotere zinkabwera ngati thandizo kwa ovutika. Lero si thandizo ayi, ndi malonda. Zovalazi zimatoleredwa ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, makampani nkuzisankhula, kuzitsindira ndi makina m'mabelo olemera makilogalamu 45 kapena kuposera apo, nkuzikweza sitima zapamadzi. Mabelo ambiri opita kumaiko otentha a mu Africa amakhala a zovala zopepuka, zimene amalonda amazitcha tropical mix. Majekete okhuthala msika wake ndi wochepa m'Africa muno, ndipo maiko a kum'mwera kuno, kumene Juni ndi Julayi amaluma, ndiwo ena mwa amene amawafuna.

Umboni wake uli ku South Africa. Dziko limeneli sililola chisawawa kulowetsa zovala zovalidwa kale zoti zigulitsidwe, pofuna kuteteza mafakitale ake. Komabe linasiya khomo lotsegula la majasi ndi majekete akuluakulu otchinga mphepo ndi mvula, amene analoledwa kulowa ndi chilolezo cha bungwe la ITAC. Boma lokanitsitsa kaunjika linafika povomereza kuti wosauka sangadikire fakitale ali kunjenjemera.

Koma si jekete iliyonse ya pamulu imene imafunda. Apa ndi pamene pagona luso, ndipo alangizi a m'midzi angachite bwino kulitenga luso limeneli ngati phunziro, monga momwe amaphunzitsira kusankha mbewu.

Wogula wozindikira sayamba ndi kuona mtundu wa jekete. Amayamba waitembenuza. M'kati mwake, cha m'mbali kapena pakhosi, mumakhala kansalu kolembedwa chimene anapangira chovalacho. Pakalembedwa wool, umenewo ndi ubweya wa nkhosa, ndipo umasunga kutentha ngakhale utanyowa pang'ono ndi mame kapena chiperoni. Pakalembedwa acrylic, polyester kapena nylon, ulusiwo ndi wa mtundu wa pulasitiki. Kansaluko kakakhala kuti kanadulidwa, njira ilipo: munthu apemphe wogulitsa kuti asololeko kaulusi kamodzi kumsoko wa m'kati, akayatse ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka akalitikita ndi zala. Ulusi wa pulasitiki umasungunuka, nkuuma gwa ngati kamkanda.

Kusiyana kumeneku si kwa ulemerero chabe. M'nyengo yozizira ana amaunjikana pamoto ndi pambaula m'mawa ndi madzulo, ndipo ndi nthawi imene zipatala zimalandira ana ambiri opsa. Juzi ya pulasitiki, ija yofewa ngati bulangete imene amayi ambiri amaikonda chifukwa siichedwa kuuma, ikagwira moto imasungunukira pakhungu nkumamatira, bala lake nkukhala lakuya. Ubweya sugwira moto msanga. Mwana wokwawa kapena wongoyamba kumene kuyenda ndi bwino kumuveka malaya a thonje m'kati ndi juzi ya ubweya pamwamba, kusiyana ndi kumuveka chijekete chonyezimira cholendewera mikono. Chipewa ndi masokosi zisaiwalike, makamaka kwa khanda, pakuti mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake ndipo umataya kutentha kochuluka.

Akatha kuona ulusi, wogulayo amakweza chovalacho kuloza kudzuwa. Timabowo ta njenjete, tosaoneka chovala chili pamulu, timaonekera pamenepo. Amayang'ana m'khwapa, m'zigongono ndi m'mphepete mwa mikono, malo amene chovala chimayambira kutha. Amatsegula ndi kutseka zipi kangapo. Batani losowa si nkhani, msoko womasuka telala amaubweza mosavuta, koma zipi yaitali ya jekete ikafa, kuisintha kungadye ndalama yofanana ndi mtengo wa jekete yomweyo. Jekete zofufuma zija amaziyesa pozifinya: ikabwerera msanga m'malo mwake ndiye kuti ikadali ndi moyo, koma za m'kati mwake zikaundana ngati zibuma, mphepo idzadutsa m'mipatamo. Fungo la nkhungu nalo ndi chenjezo, chifukwa silichoka ndi kuchapa kamodzi.

Pali chinanso chimene nyengo ya ku Metsimotlhabe imaphunzitsa. Kumene m'mawa kumazizira koopsa koma masana nkutentha, chijasi chimodzi cholemera chimasanduka katundu pofika 11 koloko. Zovala ziwiri kapena zitatu zopepukirapo, zovala mosanjikiza, zimafunda kuposa chimodzi chokhuthala chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pake ndiwo umasunga kutentha, ndipo munthu amatha kuvula chimodzichimodzi dzuwa likamakwera. Wogwira khasu ndi wopalasa njinga aziganizire zimenezi asanakopeke ndi chijasi chofika m'maondo chimene anachisokera munthu woyenda pachipale chofewa ku Canada.

Chovala cha pamulu chisavalidwe chisanachapidwe. Chadutsa m'manja ambiri, chagona pansi, ndipo ena achiyesa pamsika pomwepo. Cha thonje chichapidwe ndi madzi otentha ndi sopo, chiyanikidwe padzuwa, chisitidwe makamaka m'misoko, mmene nsabwe zimaikira mazira. Ubweya sufuna madzi otentha, umakhwinyata nkusanduka wa mwana. Umenewo uchapidwe ndi madzi ozizira, osaupotokola pofinya, ndipo uyanikidwe moyala. Jekete yovuta kuchapa imangidwe m'jumbo ya pulasitiki kwa sabata ziwiri. Tizilombo ta mphere sitikhala moyo kupitirira masiku atatu titachoka pakhungu la munthu, ndipo sabata ziwirizo zimakwanira kuthana ndi nsabwe pamodzi ndi mazira ake.

Kunena kuti anthu amapita pakaunjika chifukwa cha umphawi wokha nkunama. Karen Tranberg Hansen, katswiri amene anafufuza malondawa ku Zambia nkulemba buku lotchedwa Salaula m'chaka cha 2000, anaonetsa kuti ogula amasankha mosamala kwambiri, ndipo amafuna chovala chosafanana ndi cha wina aliyense. Aliyense amene anaonapo mayi akutha ola lathunthu pamulu umodzi ku Limbe kapena pamsika wa Tsoka ku Lilongwe angavomereze. Zovala za m'sitolo zimabwera zofanana mazanamazana, moti munthu amakumana ndi mnzake wovala ngati iye kutchalitchi. Ya pamulu imakhala imodzi yokha.

Achinyamata a ku Gaborone, ku Lusaka ndi ku Lilongwe apita nazo patali. Amasakasaka majekete achikopa, a jinzi ndi majasi a ubweya a zaka za m'ma 1980 ndi 1990, amene amawatcha vintage, nkuwachapa, kuwajambula bwino ndi kuwagulitsa pa Facebook, Instagram ndi WhatsApp pamtengo wokwera kangapo. Nzoseketsa pang'ono kuti jekete imene agogo akanaikana kuti ndi yachikale, mdzukulu akuilimbirana. Komatu anawa sakulakwitsa. Zovala zambiri za nthawi imeneyo zinasokedwa ndi nsalu yolimba kuposa zambiri za lero, zimene amazipanga mothamanga kuti zivalidwe kangapo nkutayidwa.

Ndipo chovala chachilendo chikafika kuno chimalowa mwambo wa kuno. Mayi wa Chitswana amavala jekete ya ku Germany pamwamba pa diresi ya leteisi, nsalu ya timadontho imene ku South Africa amaitcha shweshwe. Pamwambo wa ukwati amakoleka paphewa mogagolwane, kabulangete kamandalasi kamene amafunda amayi okwatiwa okha, ndipo palibe jasi la ku London limene lingalowe m'malo mwake. Mayi wa ku Ntcheu naye amamanga chitenje m'chiuno ndi duku kumutu, juzi ya ku Scotland ili pakati. Telala wa pakhonde la sitolo ndiye mkhalapakati: amafupikitsa mikono, amachepetsa mapewa otambalala, amasintha mabatani, chovala cha mwini wina nkukhala cha mwini watsopano.

Mlimi wa thonje wa ku Chikwawa, ku Balaka kapena ku Salima ali ndi chifukwa chodandaulira. Pamene kaunjika anasefukira m'zaka za m'ma 1990, mafakitale a nsalu a m'chigawo chino anali kufooka. Kampani ya David Whitehead ya ku Blantyre inagulitsidwa mu 2003, ndipo ya Mulungushi ku Kabwe inatseka mu 2007. Maiko ena ayesapo kutseka chitseko. Zimbabwe inaletsa mabhero mu 2015, koma sanaleke kulowa kudzera m'malire a Mozambique. Rwanda inakweza msonkho wa zovalazi mu 2016 kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pakilogalamu, ndipo mu 2018 dziko la America linabwezera poichotsera mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko popanda msonkho pansi pa pangano la AGOA. Nkhani ya mafakitale ili ndi mizu yambiri, monga magetsi, makina okalamba ndi zovala zatsopano zotchipa zochokera ku Asia, ndipo kaunjika ndi muzu umodzi chabe. Za majekete mlandu wake ndi wochepa kwambiri, pakuti si thonje la ku Balaka limene likanasoka jasi la ubweya.

Amene ali pachiswe chenicheni ndi wogulitsa wamng'ono. Belo amaligula lomanga, osaona za m'kati. Mayi amene watenga ngongole kubanki mkhonde kuti aode belo la majekete amakhala ngati wachita juga: mwina mutuluka khumi abwino obweza mpamba tsiku loyamba, mwina theka lake ndi zong'ambika ndi zazikulu zosakwana munthu. Vutoli si la kuno kokha. Ku Kantamanto, msika waukulu wa zovalazi mumzinda wa Accra ku Ghana, bungwe la The Or Foundation linapeza kuti pa zovala 100 zilizonse zofika, pafupifupi 40 zimathera kudzala. Nchifukwa chake magulu ena amasonkherana anthu awiri kapena atatu pabelo limodzi kuti likawapsereza, ululu ugawanike. Ena amasiya belo, nkumakapikula zosankha m'manja mwa otsegula mabelo kapena m'masitolo a DAPP, bungwe limene lakhala likugwira ntchito m'Malawi kuyambira mu 1995. Phindu lake ndi locheperapo, koma munthu amalipira chimene wachiona ndi maso.

Nthawi nayo siimudikira wogulitsayu. Belo la majekete loodedwa mu Epulo limapeza anthu akuyamba kumva kuzizira, ndipo alimi ali ndi ndalama za zokolola. Loodedwa pakati pa Julayi lachedwa. Mphepo ya Ogasiti ikayamba kuulutsa fumbi, jekete yotsala imakhala mpamba wogona mpaka chaka chamawa, ndipo wangongole sangaudikire. Pamenepo mitengo imagwa, ndipo banja limene lasungako kandalama lingagule zofunda za chaka chamawa motsika kwambiri. Za ana zigulidwe zokulirapo, chifukwa pofika Meyi mikono idzakhala itatalika. Zisungidwe zochapa ndi zouma bwino, m'thumba lomanga pakamwa, pamalo okwera osafika chinyezi, pakuti njenjete imathamangira ubweya umene uli ndi thukuta.