Ngwazi za ku Lusaka zikulankhula Chizulu

Black Panther itatuluka mu 2018, anthu anavala zitenge kupita ku sinema ngati kuli ukwati. Sindikuwanyoza. Tinakula tikuonera Superman ndi Batman, amuna achizungu okhaokha, mkazi ntchito yake n'kukuwa kuti apulumutsidwe. Kuona Danai Gurira atanyamula mkondo kunatitsuka m'maso. Koma Wakanda kulibe pa mapu, ndipo anthu ake amalankhula Chixhosa.

Kenako kunabwera chathuchathu. Pa 20 July 2023, Netflix inatulutsa Supa Team 4, katuni imene anaiyambitsa Malenga Mulendema, mwana wa Zambia. Atsikana anayi a sukulu, mayi wachikulire Mama K akuwatsogolera, akupulumutsa Lusaka yam'tsogolo. Olemba nkhani zake ndi akazi a mu Africa okhaokha, nyimbo yotsegulira anaimba Sampa the Great. Aliyense wonena kuti zimenezi n'zazing'ono sanalerepo mwana wamkazi.

Tsono tamverani. Katuniyi ili m'Chingelezi, ndipo ataganiza zoimasulira m'chinenero cha mu Africa anasankha Chizulu. Atsikana a ku Lusaka! Akanatsika basi pa Intercity n'kufunsa njira ya ku Kabwata m'Chizulu, anyamata oitanira mabasi akanangowaseka.

Ena amati tisadandaule, bola nkhope ndi zakuda. Ayi. Khungu limasangalatsa wa ku London, amene kwa iye Lusaka ndi Durban ndi mudzi umodzi. Mwana wa ku Kabulonga kapena Woodlands, wa Netflix ndi sola padenga, Chingelezi sichimuvuta. Nanga mtsikana wogulitsa nthochi pa geti ya Intercity, wamsinkhu umodzi ndi ngwazizo? Ndalama ya bando alibe, malaiti kwawo amapita tsiku lonse, ndipo akabwerekedwa foni, ngwazi yofanana naye imamulankhula ngati mlendo.

Mlanduwu sindiupereka kwa Mulendema. Luso lake analiona ndi a Triggerfish a ku Cape Town, pa mpikisano wawo wa 2015, ife tili khale. Ndikufunsa a ZNBC, amene amaulutsa m'zinenero zathu 7: munayamba mwagogodapo kuti mugule chilolezo, muike mawu a Chinyanja ndi Chibemba? Ochita zisudzo ali mbwee ku Chelstone ndi Matero, akudya ndi mavidiyo a pa Facebook. Aitaneni ku situdiyo, muwalipire, katuniyo muionetse Loweruka m'mawa.